Makomikisi a Takyo Sakulungira Nsomba

Malemu achimwene anga, bambo Eustaquio Magbuhos, amene tonse tinkangoti a Takyo, anabadwa pa 9 Malichi 1948 kuno ku Malabon, m'nyumba ija ya kuseri kwa msika wa nsomba. Anali oyamba kubadwa. Ine Felisa, amene kunyumba ankanditcha Isang, ndine chitsirizira, ndipo ndatsala ndekha, choncho wonditsutsa palibe.

Sukulu anayamba mu 1955, nalekezera kalasi yachisanu ndi chimodzi. Kumeneko ndi kumene anagwa m'chikondi ndi makomikisi, timabuku tathu ta nkhani za zithunzi tija. Mphunzitsi wina anawalanda mulu wonse n'kuutentha pabwalo, ati zimaumitsa mutu. Koma kabuku kamene kanali ndi mapeto a nkhani, achimwene anakaona kakusuzumira m'thumba la mphunzitsi yemweyo.

Ine sukulu ndinangoinunkhiza. Wondiphunzitsa kuwerenga ndi amene agona apawa. Ankandiwerengera nkhani ya mtsikana wochapa zovala kwa anthu olemera, ndipo akafika pamene mpeni wakwezedwa m'mwamba, ankangoti duu. "Pitiriza wekha, Isang, ine kukhosi kwauma." Ndinkalira, ndinkatukwana, kenako n'kuyamba kulumikiza zilembo. Mbiri ino ndalemba ndekha. Mukapeza polakwika, kadandauleni kwa aphunzitsi anga m'bokosimo.

Mu 1969 anamanga chingwe kuchokera pazenera mpaka pamtengo wa magetsi, napachikapo makomikisi ndi mapegi a zovala a mayi athu. Munthu ankapereka kandalama, kukhala pabenchi, kuwerenga, n'kubweza. Lamulo linali limodzi: chala cha malovu ayi. Tsiku lofika makomikisi atsopano, pabenchi pankapanikizana opalasa njinga, amayi owamba nsomba, ngakhale wapolisi atavula chipewa. Ena ankafuna za mizukwa, ena za chikondi zoliritsa. Malemu ankakonda tija toseketsa ta zithunzi zinayi, tonyoza akuluakulu amimba, panthawi imene boma linkatseka anthu pakamwa. Ankati wojambula wabwino umamudziwira pa mvula, ukaiona papepala uzimva kuzizira.

Pa 18 Meyi 1974 anamanga ukwati woyera ndi mayi Remedios Bantigue. Alamu angawa ali pano, anditsutse ngati ndikunama. Ali mtsikana, alamuwa anang'amba tsamba la komikisi lokhala ndi nkhope ya mnyamata wokongola n'kulibisa m'bulauzi. Achimwene anawalondola mpaka kwawo kukalitenga. Tsambalo silinabwere, amene anabwera ndi wong'ambayo.

Tsopano apa ndikudziwa kuti Perlita, mwana wawo woyamba, wayamba kundiponyera diso. Anandipempha kuti ndinene kuti bambo ake anali a bizinesi ya mabuku. Mwana wanga, ine pamaliro sindinama. Bambo ako ankabwereketsa makomikisi pachingwe. Chingwe chimenecho ndi chimene chinakugulira nsapato zoyera za unamwino, ndipo palibe chochititsa manyazi.

Cha m'ma 1990, wailesi yakanema inatilanda anthu, osindikiza nayamba kutseka mmodzimmodzi. Mabenchi anatsala ndi amphaka. Anzawo onse obwereketsa makomikisi anagulitsa mapepala awo pa kilo. Malemu anakana. Madzi atasefukira mu Sepitembala 2009, anakweza makatoni onse kudenga, kenako n'kukumbukira kuti ali ndi mkazi. Wailesi yakanema ya m'nyumba mwawo anaisiya ikuyandama, ati iphunzire kusambira.

Mu Okutobala 2022 anadwala matenda ofa ziwalo, ndipo lilime linalemera. Ndinkapita masana kukawawerengera. Tsiku lina nditafika pa mpeni uja, ndinatseka pakamwa. "Pitirizani nokha, achimwene, ine kukhosi kwauma." Anaseka ndi mbali imodzi ya kamwa mpaka misozi. Anatisiya pa 2 Julayi 2024, kunyumba, ali ndi zaka 76.

Anamfedwa, nayi nkhani imene ndayimirira pano. Ndamva kuti ana agwirizana ndi mayi Doray a kumsika kuti maliro akatha adzatenge makatoni aja azikakulungira nsomba zowamba. Ana, sindikukudani, nyumba ndi yothina, ndikudziwa. Koma munthu anasiya mkazi wake m'madzi ofika m'chiuno chifukwa cha mapepala amenewa, ndiye inu muwapake mafuta a nsomba? Ine ndili moyo, ayi. Mayi Doray, pepani, musavutike kubwera ndi ngolo. Dzulo masana ine ndi anzanga a juga tinasamutsa zonse.

Potuluka muona chingwe chamangidwa pa tenti panjapo, mapegi ake omwe aja. Aliyense achotsepo kabuku kamodzi apite nako. Mukuti mwambo umaletsa kutenga kanthu pamaliro? Mwambo umanena chakudya. Mabisiketi musiye, komikisi mutenge. Mukawerenga mubweze kwanga, chingwe chisamukira pakhonde langa, ndipo benchi ilipo. Ndikadzapeza chala cha malovu, ndidzakutumizirani mwini wake kumaloto. Perlita, kako ndakusungira padera, kaja unkabisa m'buku la masamu.

Malemu asiya mkazi wawo, mayi Remedios, ana atatu, Perlita, Rodelio ndi Marites, adzukulu asanu ndi atatu, ine mlongo wawo wovutayu, ndiponso makatoni amene sapita kumsika.

Banja likuthokoza bambo mfumu ndi a kwaya, a kuofesi ya dera lathu potibwereka tenti ndi mipando, amayi ophika phala la mpunga ndi khofi, ndi nonse amene mwachezera nafe masiku onsewa. Mayi Doray tikukuthokozaninso, nsomba munatumiza zija zinakoma, ngakhale zinabwera m'nyuzi.

Achimwene, apa ndiye kukhosi kwauma zenizeni. Pitirizani nokha, ife tikusamalirani chingwe. Mzimu wanu uuse mumtendere.