Esinati wanga anafika pasukulu osalengeza

Moni nonse okondedwa mwa Ambuye. Amene anayamba kundiuza kuti mwana wanga Esinati amuimitsa ntchito ndi mlamu wanga a Nasibeko, amene amagulitsa matemba ku Chikanda. Iwo anamva kwa ana a kukoleji odzagula ndiwo. Mwini wakeyo anandibisira poopa matenda anga othamanga magazi.

Ine sukulu ndinalekera Sitandade 6, ndiye ntchito yakeyo ndimaimva chonchi: amaphunzitsa kukoleji, komanso amayenda m'masukulu a pulaimale kufufuza ngati thandizo lobwera likupinduliradi ana. Bungwe lina linamutuma kukaona mmene mabuku amene linapereka akugwirira ntchito pasukulu ina cha ku Songani. Paja alendo otere amaneneratu tsiku. Pabwalo pamasesedwa, mabuku amatuluka m'makatoni, ana odziwa kuwerenga amawakhazika kutsogolo, enawo kumbuyo kuti azingoimba nyimbo yolonjera. Koma Esinati anangokwera minibasi Lachiwiri lina, osauza munthu. Anapeza mabuku ali chitsekereni muofesi, aphunzitsi akuopa kuti akang'ambika awalipiritsa. Analemba zomwe anaonazo. A bungwe aja anakwiya, n'kukamuneneza kuti wanama, ndipo akuluakulu a kukoleji anamuuza kuti akhale kaye pakhomo.

Mwana anaonda ine ndikuona. Tsiku lina ndinamufunsa kuti bwanji sanangolemba zokoma ngati anzake. Anati, "Amayi, mwaiwala? Inenso ankandikhazika kumbuyo." Kuyambira pamenepo ndinasiya kumudzudzula, ndinayamba kukwera kuphiri la Zomba ndi amayi anzanga a kumpingo, kukasala ndi kulira pamaso pa Mulungu.

Tsiku lomva nkhaniyo litafika, kunatulukira a hedi a sukulu ija, mayi wachikulire, osaitanidwa. Esinati akuti mtima unamugwa, poti zomwe analembazo zinawachititsa manyazi mayiwo. Koma iwo anaimirira n'kuuza akuluakuluwo kuti atopa kulandira alendo ndi nyimbo pamene ana sakutha kulemba dzina lawo. Anapempha kuti onse akwere galimoto nthawi yomweyo, asanaimbire munthu foni. Anapitadi, ndipo makatoni aja anawapeza ali chimangireni, akangaude atayala ukonde pamwamba.

Lero Esinati anabwerera pantchito. Zolipiritsa aphunzitsi anazithetsa, ndipo ana akumatenga mabuku kupita nawo kunyumba. Tsopano akumamuitana mpaka ku Lilongwe kukathandiza pokonza malamulo a sukulu. Munthu amene ndinkamutchula m'mapemphero ngati mdani, a hedi aja, ndiye amene Mulungu anamusungira chipulumutso chathu. Inu amene mukuvutika chifukwa chonena zoona, musaleke kugwada.

Mukamapemphera mutikumbukire ife a ku Likangala, makamaka Esinati kuti asadzaphunzire mantha. A hedi ajanso musawaiwale.