Chingwe chomangira nkhanu

Amayi awiri osadziwana anali pamzere wodinditsa masikelo pamsika wa ku Xiamen, ku China, aliyense atakumbatira sikelo yake.

"Mukusekerera nokha, achemwali. Simukuopa kuti sikelo yanu aikana?"

"Sikelo ilibe mlandu. Ine ndimagulitsa nkhanu, ndiye amuna anga amazimanga ndi chingwe chachikulu, chonyowa, kuti zizilemera. Dzulo oyendera masikelo anatulukira, n'kumasula nkhanu kuti ayeze chingwe pachokha."

"Mayo ine! Anakulipitsani?"

"Ayi ndithu, anapeza kaulusi chabe. Chingwe chija apongozi anali atayanikapo zovala, ndiye amuna anga anangomangira kaulusiko. Apongoziwo ndinawakalipira m'mawa wonse, oyendera aja asanafike."

"Nanga lero mwawayang'ana bwanji?"

"Ndawagulira bakha wootcha. Chingwecho chikhale komweko, aziyanikapo makabudula a mwini wake, amuna angawo."