Hatchi Imene Inkaloledwa Kukana

Moni nonse amene mumawerenga patsamba lino, a kuno ku Durban ndi akumudzi omwe. Ine ndine mayi a Tiyamike, telala wa ku Isipingo. Ambiri mumandidziwa chifukwa cha madiresi a ukwati, koma ndi ochepa amene akudziwa kuti mwana wanga anasiya kulankhula, mpaka tinatsala pang'ono kumukweza basi ya ku Malawi. Lero ndikufuna ndikuuzeni mmene Mulungu anandibwezera mawu ake.

Zinayamba tsiku limene gulu la anthu linkayenda shopu ndi shopu kufuna ife obwera ochokera m'maiko ena. Ndinamva chiphokoso chikuyandikira, ndinakhoma chitseko, n'kumulowetsa Tiyamike pansi pa tebulo lodulira nsalu. Ndinamugwira pakamwa n'kumunong'oneza kuti, "Ukhale chete mpaka ndikuuze kuti apita." Anaswa zenera, anatenga mashini amodzi, koma ife sanatione. Tinatuluka amoyo n'kuthawa, kenako tinasamukira nyumba ina, ndipo ndinkaganiza kuti zathera pomwepo.

Mwana uja sanalankhulenso. Anali wolongolola, woti ukamutuma mchere amabwera ndi nkhani ya msewu wonse, koma tsopano ankangoloza ndi chala. Kuchipatala anati makutu ndi pakhosi zili bwinobwino. Kusukulu aphunzitsi anayesetsa, kenako anatiitana n'kutiuza kuti sakudziwa chomuthandiza nacho. Ndinasala kudya, abusa anamupempherera, ndinamunyengerera ndi maswiti, tsiku lina ndinamukalipira mpaka ndinalira ndine. Iye ankangondiyang'ana.

Bambo ake, amene amagwira ntchito yamashifiti kudoko, anatopa nazo. Anati mwanayu dziko lino lamukana, apite kwa agogo ake ku Ntcheu. Anapangana ndi mayi ena a geni amene amapita kumudzi ndi katundu kuti adzamutenge pa ulendo wawo wa kumapeto kwa chaka. Sindinawatsutse, poti nzeru zina ndinalibe. Koma mumtima ndinkafunsa kuti mwana wosalankhula akadwala kutali ndi ine, akauza ndani?

Thandizo linabwera ndi ntchito yonunkha. Mayi wina wachizulu, dzina lake Nokuthula, anabweretsa mabulangete okhuthala ong'ambika kuti ndiwasoke. Anati ndi ofunditsa mahatchi nthawi yozizira. Ine, monga mwa chizolowezi chathu, ndinkamuyankha Chizulu chokhachokha, mawu ochepa, kuti lilime lisandigulitse. Anaona Tiyamike atakhala pakona, anamupatsa moni, sanayankhidwe, ndipo sanaumirire. Pobwera kudzatenga mabulangete aja anandiuza kuti kumtunda, kunja kwa tauni, ali ndi malo kumene ana a mantha amakhala ndi mahatchi, iye ndi mnzake wina wophunzira za maganizo a ana. Ndinaseka chamumtima. Mwana amene walephereka kwa madokotala ndi abusa, akachira ndi nyama yodya udzu?

Tinapitabe, chifukwa munthu wothedwa nzeru sasankha. Ndinkayembekezera kuti amukweza pamsana n'kumuyendetsa. Ayi ndithu. Tsiku loyamba tinangoima kunja kwa mpanda kuyang'ana. Nokuthula ankamuonetsa Tiyamike makutu a hatchi, kuti akaloza kutsogolo ndiye kuti ikufuna kudziwa, akagona kumbuyo ndiye kuti ikunena kuti ndisiyeni. Anamuonetsa mchira ukamakwapula, mphuno zikatukumuka, ndi mmene hatchi yodekha imapumira mpweya wautali n'kupumitsa mwendo umodzi wakumbuyo. Anati suyenera kuidzera kumbuyo kapena kuilunjika kumaso, umaima chammbali pafupi ndi phewa n'kudikira.

Panali hatchi yofiirira yaikazi, dzina lake Ntombi, imene kale inkathamanga mipikisano. Inali ndi chipsera pamwendo ndipo inkadzidzimuka ndi chilichonse. Imeneyo ndi imene Tiyamike ankaitsata ndi maso.

Lamulo la pamalopo ndi limene linkandipweteka. Hatchi sankaimangirira. Ikachoka pa mwana, ntchito ya tsikulo yathera pomwepo, ndipo iliyonse inali ndi masiku ake opuma pamodzi ndi zinzake. Ife tinaleredwa kuti mwana akatumidwa amapita, akaona wamkulu amapereka moni, safunsidwa ngati akufuna. Ndiye Loweruka lina, nditaona kuti Ntombi yaima patali ndipo mwana wanga waima patali, ndinamukankha pamsana kuti asendere. Hatchi ija inagoneka makutu n'kutembenuka kupita kumapeto kwa khola. Nokuthula anatseka geti n'kunena kuti basi, tidzabwerenso.

Ndinapsa mtima. Ndinamufunsa ngati nyama ili yofunika kuposa mwana wanga. Anandiyankha modekha kuti, "Mama, mwanayu akaona kuti hatchi ikukakamizidwa, adziwa kuti nayenso tidzamukakamiza. Akaona kuti yakana ndipo palibe waimenya, tsiku lina adzabwera yekha." Ndinatenga mwana wanga n'kukakwera tekisi yobwerera kwathu.

Pang'onopang'ono zinthu zinkasintha, koma osati zimene ine ndinkafuna. Tiyamike anayamba kupesa Ntombi ndi bulashi. Anaphunzira kuika dzanja panthiti zake n'kumapuma mofanana nayo. Ankayenda pakati pa mitengo yoyala pansi, hatchi ikumutsata popanda chingwe. Koma mawu, ngakhale amodzi, kunalibe. Mayi a geni aja anaimba foni kuti anyamuka Lolemba. Ndinachapa zovala za mwana wanga, ndinazipinda m'chikwama, ndipo Loweruka ndinapita naye kuti akatsanzike hatchi yake.

Kunkatentha kwambiri tsiku limenelo. Tiyamike anali m'khola ndi Nokuthula, ine ndili kunja kwa mpanda. Mwadzidzidzi tayala la thiraki linaphulika pamsewu wapafupi, phokoso lake ngati mfuti. Ntombi inadumpha, inaponya mutu m'mwamba n'kuyamba kuthamanga mozungulira khola, fumbi lili koboo. Mwana wanga anali pakati.

Ndinagwira geti kuti ndilowe. Nokuthula anali atamukokera kale mwanayo kumbuyo kwake, ndipo anatambasula dzanja kwa ine osandiyang'ana. "Yima, mama! Mukathamanga kapena kukuwa, ithamanga kwambiri." Abale anga, sindinamvepo lamulo lovuta chotero. Ziboda zinkagunda pansi mpaka ndinkazimva m'mimba. Ndinaluma chitenje changa kuti ndisakuwe, ndipo pemphero langa linali lalifupi: Ambuye, ndamusiya m'manja mwanu, chifukwa anga mwawamanga.

Hatchi ija inakaima pakona, thukuta lili chuchuchu, thupi lonse likunjenjemera. Nokuthula anayamba kumutsogolera Tiyamike kugeti pang'onopang'ono. Atafika pafupi ndi ine, mwana uja anaima. Sanayang'ane ine. Anatembenukira chammbali monga anaphunzitsidwira, anagwetsa mapewa, n'kutulutsa mpweya wautali. Kenako ndinamva mawu aang'ono, osasa ngati chitseko chimene chakhalitsa chosatsegulidwa.

"Apita. Usaope, apita."

Anali mawu a mwana wanga, m'Chichewa, pamaso pa anthu a dziko lino. Ndikuuzani zoona, chinthu choyamba chimene ndinamva chinali mantha, ndipo ndinayang'ana uku ndi uku kuti ndani wamva. Kenako ndinakumbukira tebulo lodulira nsalu lija. Ndinamuuza kuti akhale chete mpaka ndimuuze kuti apita, ndipo m'kuthawa muja, m'kusamuka muja, mawu amenewo sanatuluke pakamwa panga. Akanatuluka bwanji, ine mwini ndinkakhomabe chitseko masana?

Ntombi inatembenuza khutu limodzi kuloza kwa mwanayo. Inatsitsa mutu, inanyambita milomo, ndipo patapita kanthawi inabwera yokha mpaka kudzaima pafupi naye. Nokuthula, misozi ili m'maso, anandifunsa chapansipansi kuti, "Uthini?" kutanthauza kuti akuti chiyani. Ndinamumasulira. Anagwedeza mutu n'kunena kuti, "Muzimulankhula chilankhulo chakecho mukabwera kuno. Ndinadziwa tsiku loyamba lomwe kuti ndinu a ku Malawi."

Ndinagwada pafumbi pomwepo, ndinamugwira mwana wanga mapewa onse awiri, n'kumuuza ndi mawu omveka kuti, "Tiyamike, apita, mwanangu. Ukhoza kulankhula." Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Amayi, ndili ndi ludzu."

Bambo ake atamva mawu ake pafoni, ndinangomva akupuma mwamphamvu pakati pa phokoso la mathiraki akudoko. Lolemba basi inanyamuka ndi katundu wa mayi aja, koma mwana wanga anali pasukulu. Sindikunamizani kuti zonse zatha. Pali masiku ena amene amabwerera m'chete mwake, makamaka kunja kukachitika phokoso, ndipo timapitabe kwa Ntombi. Ndaphunzira kudikira osamukankha.

Ndikuthokoza Mulungu amene anadutsira mwa mayi amene ndinkamuopa, ndi mwa nyama imene ndinkaiderera. Inu amene muli ndi mwana amene watsekeka, musataye mtima ndipo musaleke kupemphera, ngakhale yankho litabwera litakulungidwa m'bulangete lonunkha. Chikwama chija ndinachimasula ndekha, ndipo pamene ndinkabwezera zovala m'kabati, Tiyamike anaima pakhomo n'kundiuza kuti diresi lachikasu ndalipinda molakwika.