Ndinaimba Mawu Achinsinsi a Mdzukulu Wanga

Mdzukulu wanga atandiuza pafoni kuti amulemba ntchito yopanga mapulogalamu a kompyuta ku Kurasini, ndinatuluka panja kuno ku Temeke, nthungululu pakamwa, nyimbo pakamwa!

Koma inu omvera, nyimboyo inali ya mawu achinsinsi otsegulira kompyuta yake. Anandisungitsa mawuwo, ndipo poti ine kulemba sindidziwa, ndimasunga poimba. Nditazindikira zomwe ndachita, ndinasiya kuimba. Mayo ine, ndamuchotsetsa ntchito mwana asanaiyambe! Ndinamuuza pafoni.

"Agogo, aimva angati?"

"Mtaa wonse, dera lathu lonseli, mdzukulu wanga."

Ndinamumva akugogoda pakompyuta. Kenako anati, "Ndawasintha. Vinani."

Ndinavina, koma mantha sanathe, poti onse anabwera kudzakondwera akuiimbabe nyimbo ija: mayi wa vitumbuwa, alamu anga, kondakitala wa minibasi ya daladala, ndi kwaya yonse ya amayi.