Malemu a Marita ndi Dothi la pa Nankhwazi

Malemu a Marita Ndapeza, aNabanda, anabadwa pa Nankhwazi, mzinda wa mafumu akale umene unali m'mbali mwa Linthipe kumunsi kwa Kaphuka, ndipo chiyambire kudziwa kuyenda ine agogo awo ndinkawaletsa kubwererako. Ndinawaletsa ali kamwana, ndinawaletsa ali namwali, ndinawaletsanso chilimwe chapitachi ali mayi wa ana atatu. Sanamve. N'chifukwa chake lero mwasiya makasu m'minda n'kudzakhala pansi pano. Amene akukuwerengerani ndi aphunzitsi a Timoteyo, koma mawu ndi anga, ndipo ndawapempha kuti asadumphe ngakhale amodzi.

Chaka chimene malemu anabadwa aphunzitsi akuganizira kuti ndi 1876. Ife timati chaka chimene nkhondo ya zishango inafika pa dooko. Iwo ndiwo mwana wotsiriza kubadwira pamzindapo, moti tinawatulutsa m'chikuta mchombo usanagwe. Bambo awo anatsala pa dooko ndi amuna anzawo, ndipo sitinawaonenso. Mayi awo, mwana wanga, anafera m'mapanga ndi njala. Khanda linatsala m'manja mwanga, ndinalilera ndi phala la mawere.

Inu achinyamata amene mumadutsa kumeneko posaka mbewa n'kumaona tsekera ndi mikuyu yokha, tcherani khutu. Nankhwazi sunali mudzi wamba. Tambala akalira kudooko, a kumapeto kwa nyumba sankamumva. Pamenepo pankaolokera ogulitsa mchere ochokera kunyanja, Achawa a nsalu ndi mikanda, ndi osula makasu a kumadzulo. Aliyense asanaponde madzi ankatula katundu n'kuomba m'manja, ngakhale pasakhale womuona. Mfumu yake sinkaoloka mtsinje, ndipo palibe anaionapo ikutafuna. Tisabise, anthu a pa Nankhwazi tinali odzimva. Tinkayankhula modekha ngati anthu amene sanasiye kanthu pamoto, ndipo mlendo sitinkayamba ndife kumulonjera. Ngakhale munthu wovala chikopa chothetheka ankanena kuti kwathu n'kwa mfumu. Midzi ina itayamba kuthawira m'mapiri, ife tinkati ndani angayerekeze kufika pano. Kudzimva kumeneko n'kumene kunatichedwetsa.

Mfumu ya pa Nankhwazi ikamwalira sinkapita kumanda a anthu onse. Ankaisunga mpaka chilimwe. Amuna ankakumba ngalande yaikulu m'mbali, n'kutseka mtsinje ndi nsichi ndi miyala, madzi n'kupatukira m'ngalandemo. Pansi pa mtsinje pakauma ankakumba manda pomwepo. Akaika mfumu ankagumula mpanda uja, madzi n'kubwerera m'njira yake, ngalande n'kuikwirira. Masiku ochepa amene pansi pa mtsinje panali poyera ndi okhawo amene amayi oumba ankaloledwa kutapa dothi la pamenepo. Mfumu imodzi, kutapa kumodzi. Dothi limenelo ndilo linkatulutsa miphika yakuda bii, yonyezimira, imene ukaigogoda ndi chala inkalira ngati khasu. Ine kutapako ndinaona kamodzi kokha ndili buthu, ndikusuzumira kumbuyo kwa amayi. Kootcha sankalola ana kuyandikirako.

Pothawa ndinanyamula khanda kumsana ndi kamphika kamodzi ka mtundu umenewo pamutu. Malemu anakulira muno m'mapiri a Lobi maso ali pa kamphikako. Ana a anzathu ankavutitsa ndi kulirira chakudya, koma iwo ankavutitsa ndi mafunso. Nanga bwanji aka kokha n'kakuda? Anakaumba ndani? Dothi lake anatapa pati? Mafumu aja madzi sawazizira? Ndinkayankha theka, theka linalo ndinkaopseza. Ndinkati kumeneko kuli ng'ona, kuli mizimu yosafuna phokoso, wopitako sabwerera. Iwo ankangoti, chabwino agogo, koma ng'onazo zinalipo kale kapena zabwera anthu atachoka?

Kuumba anaphunzira kwa ine, koma pofika kuchinamwali anali atandipitirira. Mitsuko yawo sinkadontha, nkhali zawo za mowa sizinkang'aluka pamoto, moti amayi ankachokera ku Kabwazi atasenza nyemba kudzasinthanitsa. Ambiri a inu madzi amene mwasukusulira m'mawa uno achokera mumtsuko wa manja awo.

Cha m'ma 1897 anakwatiwa ndi a Kenan Moyo, mwana wa anthu a zishango omwe aja. Pamenepo ndinakuwa. Ndinati mwana iwe, ukatengane ndi mbumba ya amene anatentha kwanu? Malemu anandiyankha kuti agogo, nthawi imeneyo awa anali asanamere ndi mano omwe. A Kenan ali apo, akumva. Sanawatengere kwawo monga amachitira a mtundu wawo, anadzamanga pano, ndipo denga langa silinadonthepo chibwerere iwo. Pa chimenecho chokha chenjezo langa linapita padera.

Mu 1904 a mishoni atatsegula sukulu pansi pa mtengo wa kachere uja, malemu anakakhala pakati pa ana, Sibongile ali kumsana. Ndinawachenjeza kuti zolembazo zimatha maso, ndiponso azungu akalemba dzina lako sadzakuiwala. Anapita ndithu. Aphunzitsi akhoza kuchitira umboni kuti tsiku limene a Ndapeza abwera, kalasi sinkatha msanga. Tsiku lina anaimirira n'kufunsa kuti dothi limene Mulungu anaumbira Adamu linali katondo kapena makande. Aphunzitsi akuti mpaka lero akufufuzabe. Anabatizidwa mu 1907, ndipo ndi pomwe analandira dzina la Marita.

Chaka cha nyenyezi ya mchira, 1910, mbuzi inalowa m'nyumba n'kugwetsa kamphika kaja. Ine ndinalira ngati pagwa maliro. Malemu sanalire. Anatola phale, anapita nalo padzuwa, n'kumalitembenuza. Kenako anandiitana kuti agogo taonani, n'lakuda mpaka mkati, si khungu lokha ayi. Kuyambira tsiku limenelo mtima wawo sunakhalenso pansi. Anatapa dothi m'madambo onse a Lobi. Anafukiza miphika ndi mankhusu a mawere, ndi ndowe zouma, ndi masamba aawisi. Anaiwaza madzi a makungwa a msuku ili yotentha. Anaikulunga ndi nkhulungo mpaka zala kusupuka. Mapale a kamphika kaja anawasinja n'kusakaniza ndi dothi latsopano. Miphika inkatuluka yakuda pamwamba, koma akaswa umodzi kuti aone, mkati muli psuu, ndipo kulira kwake kunali kwa chikho. A Kenan ankadandaula kuti pakhomo pa woumba mbiya pakusowa pophikira ndiwo, chifukwa mayi akungoswa. Malemu ankati chinsinsi chili pa chimodzi mwa zitatu, dothi, moto kapena manja, ndipo sadzapuma asanadziwe kuti ndi chiti.

Chilimwe cha 1912 nonse mwachiona. Linthipe anaphwa kuposa mmene ndinamuonerapo. Osaka mbewa anabwera ndi mbiri yoti pa Nankhwazi nsichi zakale zatulukira pakati pa mchenga. Nditaona mmene malemu anaimitsira musi pomva zimenezo, ndinawaitanira kuseri kwa nkhokwe. Ndinati pamenepo pagona mafumu. Ndinati dothi limenelo limatapidwa mfumu ikafa, ndipo palibe mfumu yafa. Ndinatinso, ngati za mizimu mwazisiya poti ndinu akhristu, mverani ichi chokha: gombe la pamenepo si nthaka ya Mulungu, ndi dothi lothira, lokwirira ngalande, silinagwirane. A Kenan nawonso analetsa. Malemu anavomera ndi mutu monga ankachitira nthawi zonse. Mu Okutobala ananyamula madengu pamodzi ndi alamu awo aNamoyo. Sananame. Anangoti akupita kumtapo, ndipo ife sitinafunse kuti mtapo uti.

Zimene zinachitika kumeneko tamva kwa aNamoyo. Akuti anafika dzuwa litapendeka. Malemu anayenda bwinja lonse ngati munthu wobwerera kwawo, chonsecho anachokako ali m'manja. Ankatukula mphero zogadama, ankatola mapale m'tsekera, ankaloza kuti apa ndiye panali bwalo, apo ndiye panali nyumba ya agogo pafupi ndi mkuyu wopindika. Ndipo ndikukuuzani, sanaphonye. Pofika pa dooko anatula dengu n'kuomba m'manja. Nsichi anazipeza zili chilili, zolimba ngati zadulidwa chaka chino. Pakati pamene pali manda sanapondepo. Anapita m'mphepete, patsinde pa gombe, pomwe anapeza dothi lotuwa, loterera m'manja ngati mafuta a nsatsi. Anadzaza dengu limodzi n'kupatsira aNamoyo pamwamba. Zikanathera pomwepo, bwenzi lero tikupalira. Koma anati dikirani pang'ono alamu, ndione kuti mzere wa dothili walowa mpaka pati. Analowetsa mutu ndi mapewa pansi pa gombe, ndipo gombe linatsika.

Amuna a kwa Kaphuka amene ankamwetsa ng'ombe chakumunsi anathamanga atamva mfuu ya aNamoyo. Anafukula ndi manja, n'kuwapeza akupuma, koma kuyambira m'chiuno kutsika munalibe chomva. Anawanyamula pa machira mpaka pano.

Anagona pamphasa kuyambira pamenepo mpaka mvula kukhazikika. Tinayesa mizu, tinayesa mankhwala a kumishoni, koma zilonda za kumsana zinkangokula. Dengu la dothi lija ndinalibisa pansi pa nkhokwe. Malemu analifunsa osaleka, mpaka a Kenan, chifundo chitawagwira, anakalitenga. Tinawatsamiritsa kukhoma, lichero lili pamiyendo, ndipo anaumba kamphika kamodzi, kakang'ono, kokongola kuposa zonse zimene anaumbapo. Koma mvula inali itayamba, ndipo mukudziwa kuti m'dzinja mbiya siuma bwino ndiponso siotchedwa. M'mawa uliwonse ankati kabweretseni ndikaone. Ankakanunkhiza, ankakagogoda ndi chikhadabo, n'kunena kuti tidzaona chilimwe. Mphamvu zitayamba kutha anauza mwana wawo Sibongile kuti ine ndikapita, iwe udzakaotche. Anatisiya Lachiwiri, pa 14 Januwale 1913, chilimwe chisanafike.

Tsono mumve bwino, kuti pasadzakhale wonena kuti agogo anachita mobisa. Kamphikako sitikaotcha. Takhala pansi ndi a Kenan ndipo tagwirizana. Sibongile ali ndi manja a mayi ake, ndipo mafunso ake ndi omwewo. Kamphikako kakatuluka kakuda n'kulira ngati khasu, mwanayu adzatsikira ku Nankhwazi kukatapa lina. Kakatuluka kofiira, adzati amayi anatapa m'mphepete, lenileni lili pakati, ndipo adzatsikabe. Ndaganiza mbali zonse, kulibe kotulukira. N'chifukwa chake aka mukukaona pambali pa mphasaka kalowa m'manda kali kakawisi, pamodzi ndi mwini wake. Dothi lotsala a Kenan akalibweza m'madzi. Sibongile wandikwiyira, sakundiyang'ana. Akwiye ali moyo.

Malemu asiya amuna awo a Kenan Moyo, ana atatu, Yohana, Sibongile ndi Alufeo amene sanaleke kuyamwa, alamu awo aNamoyo, ndi ine agogo awo, amene ndimayenera kutsogola.

Tikuthokoza aNamoyo, amene sanathawe gombe litagwa ndipo zikhadabo zawo sizinamerebe. Tikuthokoza amuna a kwa Kaphuka amene anafukula ndi kunyamula munthu wosamudziwa. Tikuthokoza amayi amene ankasinthana kutembenuza wodwala ndi kuyamwitsa Alufeo, akhristu amene ayimba m'siwa, abale athu a kudambwe amene abwera ngakhale maliro ndi a tchalitchi, ndi adzukulu amene akumba m'matope. Koma ndikudziwa kuti ena a inu, pamene aphunzitsi amawerenga za nsichi zija, mumakodolana ndi kunong'onezana. Maso ndili nawo, ndipo maina anu ndikuwadziwa. Ku Nankhwazi kusapite munthu.

A Marita, mdzukulu wanga, kumene mukupitako mukawapeza amayi anga ndi anzawo amene ankaumba miphika ija. Mukawaonetse kamphika kanu, mukawafunse nokha. Akakuyankhani, mukhale pansi tsopano. Mzimu wanu uuse mumtendere.