Kompyuta Yakana Honourable

— Halo? Deliwe?

— Halo! Amalume a Lodwick? Mwaswera bwanji ku Senga Bay?

— Taswera, kaya iwe ku Lilongweko?

— Bwinobwino. Anti ali bwanji?

— Ali bwino, miyendo chabe. Ntchito?

— Ikuyenda. Nanga pa lojipo, alendo akubwera?

— Madzulo ano kukufika aphungu atsopano, kuli semina. Halo? Pali wina akumvetsera pa lainiyi?

— Palibe, ndi mawaya akulira.

— Tsitsabe mawu. Kompyuta yogawira zipinda ija unatiikira yanditembenukira.

— Yatani?

— Yandilembera "Error". Pansi pake "Warning". Zaka zonse za chipani chimodzi ine sindinachenjezedwepo. Lero mu demokalase ndichenjezedwe ndi makina?

— Ili kuti pano?

— Ndaiphimba ndi nsalu ya patebulo.

— Ivundukuleni, siimanga anthu. Mwakhudza pulogalamu ija?

— Pang'ono pokha. Ndimafuna dzina lililonse lizituluka ndi Honourable kutsogolo.

— Amalume! Amene akudandaulayo ndi kompaila. Ali ngati womasulira: amawerenga zomwe mwalemba n'kuuza makina. Pomwe sanamve amaima, n'kutchula mzere wake. Werengani zonse, osati liwu loyamba lokha.

— Dikira... "Line 40. Unknown identifier: Honourable."

— Akuti Honourable ameneyo sakumudziwa.

— Ngakhale kumudzi kwawo sakumudziwa, koma anawina.

— Muikeni pakati pa timakoma tam'mwamba tija, adziwe kuti ndi mawu chabe.

— Mawu chabe? Usamalankhule choncho pafoni! Ndaika. Tsopano akuti "Semicolon expected."

— Kadontho kamchira kaja ka kumapeto kwa mzere. Kapita kuti?

— Ndinakachotsa. Chizungu chake chinali cholakwika, ndinaikapo fulusitopu.

— Kabwezeni.

— Ndabweza... Eee! Zipinda zatuluka! Koma "Warning" ija ikadalipo, Deliwe. Imeneyo ndiye yandiyimbitsa foni.

— "Error" imaimitsa ntchito yonse. "Warning" imangokulozerani chala, ntchito n'kumayenda. Ikuti chiyani?

— "Variable Chairman declared but never used."

— Ndi chipinda chija munandiuza kuti chizisungidwira tcheyamani wa chipani chakale. Munandiletsa kuchiika pogawa, ndiye akuti dzinali lilipo koma palibe chomwe likugwira.

— Wauzidwa ndi ndani zimenezo?

— Palibe, wangoona yekha.

— Nanga aphungu akaziwerenga pa risepushoni? Anena kuti ndikadali wa kwakale, ntchito yanga n'kutha!

— Fufutani mzerewo, chenjezo litha.

— Tcheyamani ndimufufute?

— Mzere umodzi basi.

— Ndikausiya?

— Pulogalamu iyenda, koma kompaila azidandaula nthawi zonse.

— Aaa, basi ya aphungu aja yalowa pageti! Upereke moni kwa anzako.

— Mufufute kaye, amalume!

— Azidandaula choncho, sikirini ndiitembenuzira kukhoma. Anthu a chipani chakale awa amabwerera, Deliwe. Chisankho china chikubwera, ndiye chipindacho... Halo? Halo?