Kabowo Komata ndi Utoto wa M'zikhadabo

Tinali pamzere m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ku Melbourne, kudikira kuona kompyuta yakalekale, yaikulu ngati makabati khumi. Patsogolo panga panali bambo wina atagwira foni, ndi mayi wokalamba woyendera ndodo.

"Chimakina chonsechi, koma kafoni kangaka kakuchiposa kutali," anatero bamboyo.

"Kafoni kanuko munakagogodapo ndi hamala, achimwene?" anafunsa mayiyo.

"Hamala, mayi?"

"Chimenechi n'chodzaza mababu m'kati. Amisiri ankachigogoda m'mawa uliwonse, babu limodzilimodzi, ndi kahamala ka labala. Lofooka liferetu, lisadzatifere tili pakati pa masamu."

"Aa! Inu munkagwira ntchito pa makina amenewa?"

"Ndinkaboola mapepala. Sichinkamva mawu chimenechi, chinkamva timabowo. Ukaboola polakwika pamodzi, ntchito ya sabata yonse yapita."

"Ndiye mukalakwitsa?"

"Unkamatapo kachigamba. Maso anga anatha, tandionerani pepala lalitali lili m'galasimo. Chakumapeto kwake pali chiyani?"

"Timabowo tokhatokha... Dikirani. Pali kadontho kofiira."

"Kadakalipo! Guluu anatha tsiku limenelo, ine n'kumata ndi utoto wa m'zikhadabo. Abwana akanadziwa, ntchito ikanatha pompo. Zaka zonsezi sindinauzepo munthu."

"Mayi inu! Nanga yankho linatuluka lolondola?"

"Anali masamu a zipilala za nyumba. Mukatuluka muno, mukayang'ane kuseri kwa siteshoni ya sitima, nyumbayo ikadali chiimire, ya nsanjika makumi awiri."

"Ndimagwira ntchito m'menemo, mayi. Pamwamba penipeni."

"Ndiye muziponda mwaulemu, achimwene. Mwaima pa zikhadabo zanga."